Kanyumba ka Matayala ka Mayi Tjitske

Amuna awo atamwalira, Mayi Tjitske anagulitsa chinyumba chawo cha m'tauni ya Sneek, ati atopa ndi kusesa zipinda zogona akangaude. Mtima wawo unali pa kanyumba ka matayala, koti akakaimike kumunda kwa mwana wawo wamkazi, kufupi ndi nyanja. Mlongo wawo wamng'ono, Wiebe, ndiye anawamangira, ndipo m'katimo munali mosiririka: bedi m'mwamba pansi pa denga, madirowa m'makwerero, tebulo lopinda lokoleka kukhoma. Mbaula yachitsulo ndi thanki ya madzi anaziika pakati penipeni, pamwamba pa matayala.

"Achemwali, chilichonse cholemera chizikhala pano," anatero Wiebe akuponda pansi ndi chidendene. "Kumbuyoko ikaniko mapilo ndi maluwa basi. Nyumba iyi ndi yoyenda pamsewu."

"Iwe, ndinkakusintha matewera ine. Lero undiphunzitse kukonza m'nyumba?"

Mayiwa anali ndi nthenda imene tonsefe tili nayo, kungoti yawo inali itakula msinkhu: kutaya chinthu kunkawapweteka ngati kuzula dzino. Wiebe atangochoka kupita ku ntchito yake ya pasitima, iwo anaitana azibambo a m'kwaya yawo kudzanyamula katundu. Limba la malemu amuna awo akanalisiya bwanji? Linalowa, n'kukaima kukhoma lakumbuyo, poti ndiko kunali zenera loonetsa bwino kunja. Kabati yolemera ya mtengo wa thundu ya agogo awo inatsatira. Matailosi abuluu a m'khitchini lakale anawamata kuzungulira bafa, nalonso lili kumbuyo komweko. Mabuku anawasanja m'mwamba mpaka kugunda denga.

"Mayi, kodi iyi iyendadi, kapena mukufuna imere mizu?" anafunsa bambo wina akupukuta thukuta. Mayiwo anam'tseka pakamwa ndi khofi ndi kabisiketi kamodzi.

Tsiku losamuka litafika, Mayi Tjitske analawirira kukapereka makiyi a nyumba yakale kwa eni ake atsopano. Pobwerera anatseka makatani onse a kanyumbako, n'kukiya chitseko. Wiebe atagwira chitsulo chokolekera kugalimoto, chinanyamuka ndi dzanja limodzi.

"Ha! Kutsogolo kuno kwapepuka bwanji? Mwaikamo chiyani umu?"

"Timakatani ndi timbale. Ndiwe wanenepa mikono ndi zakudya za pasitima. Tiye, mvula ingatipeze."

Wiebe anayang'ana chitseko, n'kuyang'ananso kachikwama komwe kiyi anali atalowamo. Pakamwa pa mlongo wake ankapadziwa bwino. Anangokoleka kanyumbako n'kuliza galimoto.

M'tauni anayenda pang'onopang'ono, ndipo mayiwo ankabayibitsa anthu m'njira ngati mkwatibwi. Zinthu zinasintha atakwera msewu wa pamwamba pa chiunda chotchinga madzi a m'nyanja, pamene mphepo ilibe choiletsa. Chilole china chinawadutsa chili fuu! Kanyumba kanagwedeza kumbuyo kamodzi. Kanagwedezanso, mwamphamvu. Kenako kanayamba kukoka galimoto uku ndi uku, chiwongolero chikulimbana ndi manja a Wiebe.

"Achemwali, gwiritsani!"

Chitsulo chija chinangoti thyo! Galimoto inazungulira n'kuima itayang'ana komwe imachokera. Ndi maso awo anaona nyumba ikugubuduzika pamtsetse, nkhosa zikubalalika, mpaka khuvu! m'ngalande. Inagona denga pansi, matayala akuzungulirabe m'mwamba. Limba linaboola khoma lakumbuyo, n'kulira kamodzi kokha lisanamire.

Mayi Tjitske anatsika m'galimoto. Anthu odutsa anaima ndi njinga zawo n'kugwira pakamwa, ena akufunsa ngati munali munthu m'katimo. Wiebe anafika m'mbali mwa ngalande n'kuyang'ana m'menemo. Mabuku anali yandayanda pamadzi, kabati itang'ambika pakati, matailosi ali mbwee m'matope.

"Achemwali," anatero ndi mawu osasa, "timakatani tija ndi timeneti? Mukudziwa kuti chitsulo chikanapanda kuthyoka bwenzi tonse tili pansi apo?"

Mantha ndi manyazi zinawagwira nthawi imodzi. Anakhala pansi pa udzu wonyowa, mayi wamkulu wa ulemu wake, n'kuyamba kulira ngati mwana.

"Mayo ine! Wiebe, mlongo wanga, nyumba ija ndapereka m'mawa uno. Nanga lero ndikagona kuti ine?"

Wiebe anavula jekete lake n'kuwafunditsa. Anafuna zonse mayiwa, ndipo zonsezo zinatenga nyumba yomwe. Akuluakulu sananame: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.