Dzina Lake pa Lisiti

Pakhonde la nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri panali mashini awiri amene ankadyetsa banja limodzi. Kumanja kunali mashini osokera a mayi wa pakhomopo, telala wodziwa kubisa chigamba mpaka mwini malaya n'kuiwala pamene panang'ambika. Kumanzere, pansi pa malata awiri adzimbiri, kunali mashini owotcherera zitsulo a mwamuna wake, amene anthu a mumsewumo ankamutchula kuti Chiphaliwali chifukwa cha moto umene unkang'anima pakhomopo kuyambira m'mawa.

Mwana anali mmodzi, wamkazi. Kunena zoona, Chiphaliwali anamupeza mwanayo ali ndi zaka zitatu, bambo womubereka atapita osatsazika. Anamulera osasiyanitsa. Ali wamng'ono mtsikanayo ankakonda kumanga zala zopsa za bambo akewo ndi tizidutswa ta nsalu, ndipo dzina loti Namwino linamukakamira asanadziwe n'kulemba komwe. Choncho kalata itafika yoti wasankhidwa kusukulu ya unamwino, anthu anati dzina lapeza mwini wake.

Kalatayo inali ndi mawu olimba. Fizi ya chaka choyamba ilipiridwe mwezi usanathe, ndipo idzere kubanki kuchokera mu akaunti ya kholo, popeza sukuluyo sinkalandira ndalama pamanja. Wochedwa, malo ake apatsidwa wina.

Ndalama zinalipo. Kwa zaka zinayi telala ankaponya pang'onopang'ono m'chitini cha mabisiketi chimene ankachikwirira m'thumba la zidutswa, ndipo mwamuna wake akamaliza geti kapena mawindo ankawonjezerapo. Chimene analibe ndi akaunti. Onse awiri ankadutsa pakhomo pa banki ngati munthu wodutsa galu amene anamulumapo kale. Telala anakongolako ku bungwe lina mayi ake akudwala, n'kuchedwa kubweza miyezi isanu ndi itatu. Anamaliza, ndipo kalata yotsimikizira ankaisunga m'kadirowa ka mashini, koma dzina linali litada kale.

Za Chiphaliwali zinali zina. Mashini ake aja anawagula pa ngongole zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, kwa kampani yobwereketsa ndalama ya mumsewu waukulu. Anabweza miyezi isanu, ntchito inasowa, iye n'kuyamba kuzemba. Patapita chaka kampaniyo inatseka. Mwatsoka kapena mwamwayi, amene anaitanidwa kukadula chikwangwani chake ndi kuwotcherera zitsulo zatsopano m'mawindo a banki yolowa m'nyumbayo anali iye yemweyo. Chikwangwanicho chitagwa pansi, anachiponda n'kupumira m'mwamba. Mumtima mwake anati ngongole yafera pompo. Anauza mkazi wake kuti anamaliza kubweza, ndipo pofika zaka zimenezi iye mwini anali atayamba kukhulupirira.

Lolemba m'mawa onse awiri anavala zaulemu n'kupita kubanki yomweyo, chifukwa inali yapafupi. Chitini chinali m'chikwama cha telala, atachikulunga ndi nsalu. Anawalandira kalaliki wina, mayi wa magalasi wolankhula mosathamanga. Anatenga ziphaso zawo n'kulemba mayina pa kompyuta.

"Mayi, inu munachedwapo kubweza ngongole," anatero.

"Ndinachedwa, koma ndinamaliza. Kalata ndi iyi."

Kalaliki anaiwerenga n'kugwedeza mutu. "Akaunti yanu panokha titsegula lero. Ndi yawamba chabe, yosungira ndi kulipirira, ngongole sitingakupatseni. Koma inu bambo, dzina lanu latuluka ndi kachizindikiro. Yanu panokha iyamba yadikira yankho la kulikulu. Pali ngongole ina iliyonse imene simunamalize?"

Chiphaliwali anayang'ana zitsulo za pawindo, ntchito ya manja ake, zisanachite ndi dzimbiri lomwe.

"Palibe," anayankha. "Mayina amafanana, achemwali. Mumsewu mwathu mokha tilipo atatu a dzina limeneli, wina ndi chidakwa."

Kalaliki anamwetulira pang'ono. "Zimatheka. Ndiye mayi atsegule yawo, fizi ilipiridwe, zanu tiziona pambuyo."

"Nanga ya tonse awiri, ya banja?" anafunsa Chiphaliwali.

"Imeneyo ingatheke, mayi akhala mwini woyamba, inu wachiwiri. Koma mumve bwino. Ndalama za mu akaunti ya awiri ndi za aliyense wa inu, zonse. Wina akapezeka ndi ngongole kwa ife, banki imatenga momwemo, siifunsa kuti anaponya ndani. Ine ndikanakhala inu, ndikanayamba ndalipira fizi."

Anapempha kuti akambirane kaye, n'kutuluka kukaima pamthunzi wa khoma, pafupi ndi mlonda.

"Bambo a Namwino, mayi uja walankhula zomveka," anatero telala. "Tilipire kudzera kwanga, tipume."

"Ndiye lisiti ituluke ndi dzina lanu lokha?"

"Lisiti ndi pepala. Asukulu akufuna ndalama."

"Kwa inu ndi pepala." Chiphaliwali anatsitsa mawu. "Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndikumva. Ukulera mwana wa mwini, ukuthirira munda wa mnzako. Achimwene anu omwe ananena pamaso panga. Pa kalata yake yobadwira palibe dzina langa, pa satifiketi palibe. Pepala limodzi lokha ili, mayi a Namwino. Mwanayu akadzatsegula fayilo yake kusukulu kuja, aone kuti bambo ake analipo."

Telala anamuyang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa kuti m'chitinimo munalinso thukuta la mwamunayu, ndiponso kuti usiku umene Namwino anadwala chifuwa ali mwana, amene anamubereka kumsana mpaka kuchipatala anali yemweyu.

"Ndifunse kamodzi kokha," anatero. "Kachizindikiro kaja n'kachiyani?"

"Ndanena kale. Kompyuta ndi makina, amalakwa. Kodi mashini anu sadumpha ulusi?"

Telala anaseka ngakhale sankafuna. Analowanso. Anatsegula yake payekha, n'kutsegulanso ya awiri, ndipo kalaliki atafunsa kuti ndalama zilowe kuti, telala anakankhira chitini kwa mwamuna wake kuti ayankhe ndiye. Kalaliki anawayang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuwasonyeza posaina. Akaunti yatsopano, anatero, imayamba kutulutsa ndalama pakapita masiku atatu. Abwerenso Lachinayi.

Masiku atatuwo pakhomopo panali chimwemwe. Telala anagula nsalu yoyera n'kusoka mayunifolomu awiri, akumuyeza mwana wake mapini ali kukamwa. Chiphaliwali anawotcherera kabokosi kachitsulo kosungira mabuku, n'kukapaka penti yobiriwira. Khadi la kubanki, lokhala ndi dzina lake, ankalitulutsa m'thumba kuonetsa aliyense wobweretsa ntchito.

"Achimwene, mwalemera liti?" anamuseka wokonza njinga wa pafupi. "Tizikupatsani moni titavula chipewa?"

"Muzivula ndi nsapato zomwe," anayankha Chiphaliwali.

Lachinayi anafika banki isanatsegule. Kalaliki uja atalemba nambala ya akaunti, nkhope yake inasintha. Anadzuka n'kuchoka, ndipo pobwerera anawauza kuti amanijala akuwafuna mkati.

Manijala anali bambo wa imvi, waulemu, ndipo ulemu wakewo ndi umene unawaopsa. Anatembenuza pepala kuti aliwerenge okha. Pa ndalama zonse za m'chitini panatsala zosakwana kugula nsapato za sukulu.

"Yankho la kulikulu linabwera dzulo," anatero. "Bambo, munali ndi ngongole ya mashini ku kampani imene inali m'nyumba muno. Zaka zisanu ndi ziwiri, ndi chiwongoladzanja chake."

"Kampaniyo inafa!" Chiphaliwali anaimirira. "Chikwangwani chake ndinadula ndine, ndi manja angawa!"

"Munadula chitsulo, bambo. Mabuku anali m'chipinda chamkati. Banki yathu inagula nyumba, mipando, ndi mabuku omwe. Tinakulemberani makalata kangapo ku adiresi yakale."

Telala sanayang'ane mwamuna wake. Anayang'ana manijala, manja ali pachifuwa.

"Bwana, zambiri mwa ndalamazo ndi za singano. Ine ngongole yanga ndinabweza, kalata ndili nayo. Ndi fizi ya mwana. Tengani mashiniwo, tengani ndi anga omwe, koma mwezi ukutha Lachitatu."

"Ndikumva, mayi. Zikanakhala mu akaunti yanu ija ya panokha, sitikanazikhudza, ngakhale khobidi. Koma munasaina apa, nonse awiri. Mukhoza kulemba kalata yodandaula, imayankhidwa pakatha masiku makumi atatu."

Potuluka anadutsa pa tebulo la kalaliki. Mayiyo anali atavula magalasi, akuwapukuta, maso ali pansi.

Ananyamuka kubwerera kwawo. Atafika pakona ya msewu wawo telala anaima.

"Ndinakufunsani kamodzi," anatero. "Mukanangoti eya, bambo a Namwino. Liwu limodzi. Ndikanakalipa, tikanagona osalankhulana, koma mwana akanapita kusukulu."

"Ndinkayesa inatha."

"Mukanayesa inatha simukananama."

Namwino anawapeza pakhonde, atavala yunifolomu imodzi kuti aonetse anzake. Anaona nkhope zawo n'kufunsa kuti lisiti ili kuti. Amene anayankha anali Chiphaliwali. Ananena zonse, osachotsa kapena kudzikometsera, ndipo mwina chimenecho n'chokhacho chimene anachita bwino sabata imeneyo. Mtsikanayo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kulowa m'nyumba. Potuluka anali atavala diresi yake yakale.

Masiku asanu ndi limodzi otsalawo anayenda mpaka mapazi kutupa. Mabungwe obwereketsa ndalama ankangolemba mayina awo pa kompyuta n'kupukusa mutu: wina anachedwapo, wina anathawapo. Mwini nyumba anati iyenso akudikira lendi. Chiphaliwali anameza manyazi n'kupita kwa mlamu wake, yemwe uja wa mawu a munda wa mnzako. Mlamuyo anamusiya ataima pageti.

"Alamu, si paja munkati mwana ndi wanu? Wanu ndithu. Ife tikanamulipirira, inu mwamulipiritsa ngongole."

Telala anakapempha kusukulu kuti alandireko pang'ono, zotsala adzamalize. Mlembi wa kumeneko anamusonyeza mndandanda wa atsikana makumi anayi odikira malo, aliyense ndalama zili m'manja.

Lachiwiri Chiphaliwali anakweza mashini ake pa wilibala n'kupita nawo kwa ogula zida zakale. Anali mashini omwe aja a ngongole, amene tsopano anali ake ndithu, olipiridwa mpaka khobidi lomaliza ndi fizi ya mwana. Wogulayo anawazungulira, n'kugogoda ndi chala, n'kutchula mtengo wosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a fizi. Anagulitsa. Pamodzi ndi zimene telala anapeza atapinyolitsa ayironi ndi wailesi, sizinafike ndi theka lomwe. Lachitatu linafika, dzuwa linatuluka n'kulowa monga mwa masiku onse, ndipo malo a Namwino anapatsidwa wina.

Sitinganene kuti banjalo linatha, chifukwa silinathe. Anthu osauka kawirikawiri alibe kopita akakwiyirana. Koma pakhonde paja moto unaleka kung'anima, ndipo dzina la Chiphaliwali linatsala ngati chipewa cha munthu wina. Anayamba ganyu kwa mnzake amene iye yemwe anamuphunzitsa kugwira chitsulo. Telala anasula mayunifolomu awiri aja msoko ndi msoko, n'kusoka mapilo oyera ogulitsa. Namwino anapeza ntchito yopanga tiyi ndi kusesa m'sitolo ya mankhwala, kumene amaona anamwino akubwera kudzagula magolovesi. Amati adzalembanso chaka chamawa, koma sukuluyo siilonjeza kusankha munthu kawiri, ndipo chitini chayambiranso pansi. Zimene telala amapeza tsopano amakaponya mu akaunti yake ya payekha, khadi lake n'kulisunga m'kadirowa kokhoma.

Patatha mwezi, positi inabweretsa envelopu ya kubanki. Chiphaliwali anafika madzulo chala chitapsa, n'kuipeza pa tebulo. Inali kalata yothokoza, yonena kuti ngongole yake yatha yonse ndipo dzina lake layera. Akhoza kubwera kudzatsegula akaunti yakeyake tsiku lililonse. Pansi pake panali lisiti, ndipo pa lisitipo panali dzina lake lonse, m'zilembo zazikulu.

Namwino anaona chalacho. Anatenga kachidutswa ka nsalu yoyera kotsala pa mapilo aja, n'kugwada, n'kuyamba kumanga monga ankachitira ali mwana.

"Musagwedeze, ababa," anatero.

Anapitiriza kumanga. Bamboyo akanakonda atatukwanidwa.

Munthuyu sanali woipa, ndipo chimene ankafuna sichinali chachikulu: dzina lake pa pepala la mwana amene anamulera. Koma anaganiza kuti chimene iye waleka kuchikumbukira, nachonso chaleka kumukumbukira. Ngongole inakhala phee zaka zisanu ndi ziwiri kuseri kwa zitsulo zimene anawotcherera yekha, osakalamba, osatopa, kudikira tsiku limene adzabwere nacho m'manja chinthu chokhacho chimene sakanatha kuchibweza. Akuluakulu sananame: mlandu suola.