Dzimbiri la pa Madisiki

Galimoto ya aphunzitsi opuma ntchito inali yakale, ya haibulidi, yoyendera petulo ndi batire. Ankaipukuta m'mawa uliwonse mpaka kudzionera nkhope pachitseko. Loweruka lina mkamwini wawo, yemwe anali makaniko, anavula tayala lakutsogolo n'kungoti kakasi. Madisiki, zimbale zachitsulo zimene mabuleki amaluma, anali atadyeka ndi dzimbiri ngati malata akale.

"Bambo, galimoto zoterezi zimachepetsa liwiro ndi mota ya magetsi, ndiye mabuleki enieniwo amangogona n'kumachita dzimbiri. Awa tisinthe asanatigwetse m'mavuto."

"Zaka khumi ndi ziwiri sinandikanepo kuima," anatero aphunzitsi. "Inu munakwatira mwana wanga, osati galimoto yanga. Bwezerani tayalalo."

Mkamwini anabwezera tayalalo.

Patapita milungu itatu, mkamwiniyo atatumidwa kukagwira ntchito kutali, aphunzitsi anapita kuchipatala kukatenga mwana wawo wamkazi ndi khanda lake la masiku atatu. Njira yobwerera inali ya mtsetse wautali. Ali pakati pa mtsetsewo batire inadzaza, ndipo mota, imene imachepetsa liwiro potumiza magetsi m'batiremo, inaleka kugwira galimoto. Ntchito yonse inagwera mabuleki aja. Aphunzitsi ataponda, chiwongolero chinayamba kunjenjemera m'manja, chitsulo chikukukuta chitsulo, fungo la kupsa lili tho. Liwiro linkangokwera. Kutsogolo kunali lole ya njerwa ikukwawa ngati nkhono.

"Ababa, bwanji simukuima?"

"Gwira mwana," anayankha aphunzitsi. "Mugwiritsitse."

Anaponda mpaka mwendo kuwongoka, koma lole inkangokula m'maso. Atasowa pogwira, anakhotetsera galimoto kuchitunda cha m'mbali mwa msewu. Kunamveka chiphokoso, magalasi n'kumwazika, kenako zii.

Aphunzitsi analephera kucheuka. Anangotchera khutu kumpando wakumbuyo, akuwerenga kupuma kwawo. Kunalibe ngakhale kakubuula. Patapita nthawi yooneka ngati chaka, khanda linalira. Mayi wake anali atalikumbatira ndi thupi lonse, koma mwendo wa mayiyo unali utathyoka pawiri.

Anthu anathamangira nawo kuchipatala. Mkamwini atafika ananyamula khanda lake n'kudutsa apongozi ake pakhonde ngati sakuwaona. Aphunzitsi anatsala pabenchi atagwira tsaya, atamvetsa tsopano zimene ankakana tsiku lija. Akulu sananame: samva adamva nkhwangwa ili m'mutu.