Mlamba wa M'mbiya

Kalekale, mitsinje isanayambe kuphwa m'chilimwe, kunali mayi wina dzina lake Nachanza. Tamvera bwino, Esinati mwana wanga. Mayiyo analibe mwana.

Tsiku lina atavuula mono wake, anapezamo kamlamba kamodzi, kotalika ngati chala.

"Mayi, musandiphike," kanatero. "Ndikadali khanda."

Nachanza anaima chilili. Chibadwire palibe amene anamuitanapo kuti mayi. Anakaika m'chikho n'kupita nako kwawo.

Ankakapatsa gaga. Ankakapatsa chiswe. Kukula, kukula, chikho chachepa. Anakaika mumphika. Kukula, kukula, mphika wachepa. Anakaika m'mbiya yofululira mowa.

Posachedwa ndevu zinamera. Nachanza anaseka mpaka misozi.

"Mwana wanji iwe, womera ndevu usanayambe n'kukwawa komwe!"

Anali masiku okoma amenewo. Nyumba ija inali ndi macheza.

Mvula itagwa, Mlamba anamva mtsinje ukulira.

"Mayi, muno mwandichepera. Ndiperekezeni kumtsinje."

"Ukuthamangira kuti, mwana wanga? Kula pang'onopang'ono."

M'mawa mwake, mawu omwewo. Mkuja wake, omwewonso. Nachanza anagwidwa ndi mantha oti atsalanso yekha. Anavundikira mbiya ndi phale, pamwamba n'kusanjikapo mwala woperera mawere. Ankati akasowa pokulira, aleka kukula. Ha! Kukula n'koletsa ndi mwala?

Mlamba anakulabe. Mutu kugunda phale, mutu kugunda phale. Anasiya kudya. Anasiya kuitana mayi. M'nyumba munangoti zii.

Nachanza anavundukula. Mwana uja ali lefuu, mutu wonse waphwatalala.

"Mayo ine! Ndakuwononga ndine, mwana wanga!"

"Simunandide, mayi. Munangondigwiritsa kwambiri."

Nachanza anasenza mbiya, ulendo wakumtsinje. Anagwada, n'kuipendeketsa. Mlamba anazungulira kamodzi pamadzi.

"Tsalani bwino, mayi."

Phuvu! Wapita.

Nachanza anabwerera ndi mbiya yopepuka, akulira njira yonse. Ndipo mpaka lero mutu wa mlamba ndi wophwatalala.

Ndiye iwe Esinati, pukuta misoziyo. Mwana wako wasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, mleke apite. Ukuti ngwamng'ono? Kwa mayi ake, mwana aliyense ngwamng'ono. Mwanapiye sachedwa kulira kokoliriko, mwanawang'ombe sachedwa kukoka ngolo. Chokula sachisanjikira mwala.

Usaganize kuti sindikudziwa ululu wake. Iwe wemwe, dzanadzanali unkagona pachifuwa changa, n'kundinyowetsera malaya anga akutchalitchi. Ndisanathe n'kudabwa komwe, ankhoswe ali pakhomo. Tsiku lomwe unkapita kubanja, anthu ankandifunafuna. Bambo akofe tinali m'munda wachinangwa, kulira ngati mwana. Koma ndinakulola, ndipo taona, umabwera wekha kudzandiona.

Pita ukamuchapire zovala.

Basi, nthano yanga yathera pamenepa.