Nkhomaliro ya Nangondo

Kalekale, makasu asanayambe kugulidwa m'sitolo, padali gologolo wamkazi dzina lake Nangondo. Mwati tili tonse? Chabwino. Sendererani kuno kumthunzi, ana inu, ndipo akuluakulu asiyireni malo pamphasa.

Masiku amenewo nyama zonse zinkalima. Koma chakudya cha masana chidali chovuta. Mwezi wotentha uja, aliyense akuthamangira kukonza munda mvula isanagwe, palibe ankafuna kusiya khasu n'kukakhala pamafuwa theka la tsiku. Ena ankangotafuna chinangwa chachiwisi. Ena ankamwa madzi n'kubwerera kumzere. Njati ankalima ndi njala mpaka m'maso kuchita mdima, kenako n'kumakalipira ana ake popanda chifukwa.

Nangondo yekha ndi ana ake ndiwo ankadya nkhomaliro yeniyeni.

Dzuwa likafika paliwombo, ankaika khasu pansi n'kulowa m'kachisakasa kake pamphepete pa munda. Timitengo touma tili kale pamafuwa. Mbatata wasenda kale m'mawa, waiduladula ting'onoting'ono kuti isachedwe kupsa. M'kamphika, waa. Madzi pang'ono, osati omiza. Bwata bwata bwata. Nsinjiro ili kale m'chipanda, adasinjiratu tsiku lopuma. Kamchere, vundu vundu, futali wapsa. Wina akati apite kuseri kwa chulu kukataya madzi, pobwera ankapeza ana a Nangondo akunyambita zala.

Tsiku lina ndi maungu owaza nsinjiro. Tsiku lina ndi nthochi zaziwisi zophika ndi matimati ndi kaanyezi. Akatopa kwambiri, ankangoviika mfutso wa khwanya m'madzi otentha, kutendera, n'kudyera chinangwa chophika.

Nyama za m'minda yoyandikana zinkaima makasu ali m'mwamba, kukamwa yasa. Njiwa ankanong'ona kuti si kuphika wamba kumeneku, pali mankhwala. Njati ankati walima minda yambiri, wakwatira kawiri, koma mphika wothamanga chonchi sadauonepo. Inenso ndikadakhalapo ndikadavula chipewa. Manja aja adali ang'onoang'ono, koma palibe chimene ankachigwira kawiri.

Tsono fungo silidziwa malire a munda. Lidawoloka dambo n'kukalowa m'mphuno mwa nguluwe wina wamkulu, a Chidothi. A Chidothi munda adali nawo, koma udali thengo lokhalokha. Khasu lawo lidachita dzimbiri, ndipo mimba yawo inkakhudza udzu akamayenda.

Mwambo wathu mukuudziwa. Munthu akakupeza ukudya, umamuitana. Woitanidwayo, ngati adaleredwa, amathokoza n'kupitiriza ulendo, kapena amatsina pang'ono pokulemekeza. Ndi mwambo wabwino kwambiri, koma amene adauyambitsa ankaganiza kuti aliyense ali ndi manyazi.

"Odi kuno, alamu," adatero a Chidothi ataima pakhomo pa kachisakasa.

Ulamu umenewu palibe ankadziwa kumene udachokera. Koma Nangondo adaleredwa, ndiye adati afike, adye nawo. A Chidothi sadadikire kuti auzidwe kawiri. Adakhala pansi, adasamba m'manja poyamba monga wamkulu, adakokera kamphika pakati pa miyendo yawo. Kwapu, mezu. Kwapu, mezu. Futali yense psiti. Ana adatsala atagwira zipande zouma.

Mawa lake, "Odi kuno, alamu." Mkuja wake, "Odi kuno, alamu." Nangondo adayesa kuphika msanga, mphuno idamva. Adayesa kuphika mochedwa, adapeza mlendo atakhala kale pamwala akuthamangitsa ntchentche. Anansi ankaona zonsezi, koma ndani akadalimbana ndi mano otuluka kunja aja? Ankangoweramira kumizere yawo.

Nsinjiro ya m'chipanda idatha. Mtedza wodya udatha. Ana adayamba kuoneka nthiti, ndipo Nangondo mwiniwake khasu lidayamba kumulemera, moti kamunda kake kadali kasanafike ndi pakati pomwe. Chidatsala ndi chimodzi, kathumba ka mtedza wa mbewu. Adakapachika kudenga la kachisakasa, pamwamba pa moto, kuti utsi uziingitsa tizilombo. M'kathumba kameneko ndi mmene mudali chaka chamawa chonse cha banja lake.

Tsiku lina a Chidothi adapatsidwa mbatata yopanda nsinjiro. Adadya yonse, inde, koma akudandaula kuti ikuwatsamwitsa. Pofuna kuimeza bwino adakweza mutu, maso n'kugwera kudenga.

"Alamu, chalendewera apocho si mtedza?"

Nangondo adayankha mwaulemu kuti ndi mbewu. A Chidothi adati mbewu ndi mtedza womwewo, sadamvepo kuti ikasinjidwa imawawa. Adati mawa futali akhale wotendera bwino, apo ayi agwedeza okha kachisakasako mpaka kathumbako kagwe. Adanyamuka akutokosa m'mano. Kum'mawa mitambo idali itayamba kale kusonkhana.

Nangondo adachita mantha, ndisakunamizeni. Adakhala pamwala paja akuyang'ana uku ndi uku. Ndipo maso ake adaima pa mtengo wouma wa kuseri kwa munda, pamene padayanga kalongonda.

Ana a masiku ano kalongonda simumudziwa. Ndi nyemba zikuluzikulu, zolimba, zokoma zikapsa. Koma kalongonda safuna wopupuluma. Umamuwiritsa, madzi amada bii, umataya. Umathira ena, awire, utayenso. Umatero tsiku lonse mpaka madzi ayere. Ukamudya madzi akuda aja asanachoke, amakuzunguza mutu kuposa mowa wamasese.

Nangondo adathyola wodzaza kamphika. Adamuwiritsa madzulo onse, n'kupitiriza m'mawa wonse, khasu osaligwira. Kuwiritsa, kutaya. Kuwiritsa, kutaya. Atafewa adamukhuthulira m'chipanda n'kuvundikira, kamphika n'kukatsuka mbee.

Dzuwa paliwombo, "Odi kuno, alamu."

Nangondo adati lero kuli chakudya chachilendo, mtedza udikire kaye. A Chidothi akuona ndi maso awo, adakhuthulira nyemba zija m'kamphika. Timadzi, matimati, kamchere. Bwata bwata. Mlendo asanamalize kusamba m'manja, chakudya chidali patsogolo pake.

A Chidothi adalawa. Adasiya kutafuna. Adatseka maso. Kwa nthawi yoyamba chibadwire adadya mwakachetechete, pang'onopang'ono, misozi ikulengeza. Atatha adafunsa ndi mawu otsika kuti chinthu chotere chimamera kuti, ndipo Nangondo adaloza mtengo uja. Ataona mmene kalongonda adaberekera, mpaka kunsonga, adapumira m'mwamba. Adati kamphika aka n'kachipongwe, kangowautsira njala. Mawa abweretsa mbiya yawo ya mowa, idzaze mpaka pakamwa, ndipo akapanda kukhuta, nkhani ya kathumba ija ikadalipo.

Nangondo adavomera. Adangopepesa kuti manja ake ndi aafupi, sangafike pansi pa mbiya, ndiye aphike okha alamuwo, iye azingowauza chochita.

Mawa lake a Chidothi adafika akugubuduza mbiya, gubudu gubudu. Adapulula kalongonda yense mumtengo, kumusenda, kudzaza mbiya. Moto adasonkha wa zitsa. Nyama zidasiya makasu n'kubwera kudzaona, poti nguluwe kuphika chidali chinthu chosaonekaoneka. Mbiya idayamba kuwira, madzi adada bii, ndipo a Chidothi adatenga chipande.

Apa Nangondo adakwera pamwala kuti aliyense amve.

"Alamu, madzi amenewo mutaye. Muthire ena, awire, mutayenso. Muzitero mpaka dzuwa lipendeke. Mukadya panopa, mudwala."

A Chidothi adaseka mpaka mimba kugwedezeka. Adati dzulo adaona okha, chakudyachi chidapsa iwo asanaumitse m'manja, lero chatani kuti chifune tsiku lonse? Nanga msuzi wonona chonchi, wakuda bwino chonchi, munthu wanzeru angautaye? Adati nzeru za agologolo amazidziwa. Nangondo akufuna msuziwo utayidwe pansi kuti ana ake adzanyambite.

Nangondo adabwereza mawu ake, ndipo adapempha Njati kuti akhale mboni. Njati adagwedeza mutu kuti wamva. Onani, ana inu, pamenepa mayiyu sadaname ngakhale pang'ono. Adangomudziwa bwino munthu wake.

A Chidothi adaphula mbiya. Nyemba zidali zolimba, koma mano adalipo. Kukutu kukutu kukutu. Atamaliza adanyamula mbiya yonse n'kupapira madzi akuda aja mpaka dontho lomaliza, akuyang'ana ana a Nangondo ndi diso limodzi kuti aone kuti sawasiyira kanthu. Adageya, n'kutsamira mtengo.

Padapita kanthawi.

Kenako adafunsa kuti ndani wasuntha chulu chija. Adafunsanso kuti bwanji lero madzuwa atuluka awiri. Adati aimirire, dzandi dzandi, miyendo yakutsogolo ikupita kudambo, yakumbuyo ikubwerera kwawo. Thukuta kamukamu. Nguluwe wamkulu uja adayamba kulira ngati mwana wotayika pamsika.

"Alamu, dziko likuzungulira. Ligwireni, chonde."

Nangondo adatsika pamwala mosafulumira. Adati dziko sangaligwire, ndi lalikulu, koma vuto ndi kutentha kumene kwakwera kumutu. Pansi pa dothi louma pali dothi lozizira. Alowetse mphuno m'menemo. Koma asaime malo amodzi, chifukwa dothilo litentha nalonso. Azikankha chamtsogolo, molunjika chulu chija, akafika atembenuke.

A Chidothi adazika mphuno pansi. Adamva kuzizira, adabuula mokondwa, adakankha.

Abale anga, zimene zidaoneka tsiku limenelo sizidaonekenso. Nthaka youma gwa ija, imene khasu linkangodumphapo, idang'ambika ngati nsalu yakale. Zibuma zinkauluka uku ndi uku. Mizu ya nsenjere inkaduka, thu thu thu. Kumbuyo kwawo kunkatsala mzere wakuya, wakuda, wowongoka, wonunkhira chinyontho. Akafika pachulu, tembenu, mzere wina. Akafika pakachisakasa, tembenu, mzere wina. Fumbi lidakwera mpaka kuphimba dzuwa, ndipo nthaka inkanjenjemera pansi pa mapazi a oonerera.

Nyama zidangoti kakasi. Njati adayang'ana khasu lake, adayang'ana mizere ija, n'kuliika khasulo kumbuyo mwamanyazi. Adanena chapansipansi kuti mphamvu zonsezi zidali m'thupi limeneli zaka zonsezi, zikungodikira nkhomaliro ya eni ake.

Kamunda ka Nangondo kadatha posakhalitsa. A Chidothi adadzutsa mutu, dothi lili mbuu kumaso, n'kufunsa ngati kwatsala patali kuti achire. Nangondo adawafunsa kuti madzuwa akuona angati. Adati akadali awiri. Ndiye adawauza kuti dothi lozizira kwambiri lili kutsala kuja, cha kumkuyu. Tsala limenelo lidali lake lomwe, koma lidagonera chimwalirire mwamuna wake, poti yekha sakadalitha. A Chidothi adalowamo ndi mphuno, zitsa zikuzuka, minga ikuthyoka. Adalima mpaka dzuwa kupendeka, dzuwa lachiwiri lija n'kuzimirira. Pamenepo adadzikoka kupita kudambo, n'kukagwa m'matope, phii, osatsanzika.

Koma asanafike n'komwe kudamboko, kumwamba kudagunda. Mvula yoyamba idagwa, waa, pamizere yatsopano.

M'mawa kutacha Nangondo adakwera kudenga n'kumasula kathumba kaja. Zaka zonse mbewu inkatsalako, chifukwa malo amene manja ake ankatha kulima adali ochepa. Tsiku limeneli adabzala, ana akukwirira pambuyo pake. Adabzala kamunda kakale konse. Adalowa kutsala. Adabzala, adabzala, mpaka dzanja lidapisa m'kathumba n'kutuluka lopanda kanthu. Adakatembenuza, adakakutumula, mudagwa kanjere kamodzi, adakabzalanso. Atadzutsa mutu adaona mizere ikupitirirabe kutsogolo, yonyowa, yosabzala, mpaka kumkuyu.

Adakhala pansi pomwepo, kathumba kopanda kanthu kali pamiyendo. Adafuna kuseka, koma idabwera ndi misozi. Mwana wake wamng'ono adamugwira mchira n'kufunsa ngati munda wonsewo udali wawo.

"Ndi wathu, mwanangu," adatero Nangondo. "Pita ukawauze a Njati kuti ngati ali ndi mbewu yotsala, malo alipo."

A Chidothi adachira, musadandaule. Koma mpaka lero nguluwe imayenda mphuno ili pansi, kufunafuna dothi lozizira, ndipo masana simungaione pafupi ndi pamene anthu akuphika.

Nthano yanga yathera pamzere womwewo, amene akuifuna akaikumbe pokolola. Wophika akakuuzani kuti tayani madzi, tayani, chifukwa mphika wofulumira umakhala kuti wina adauvutikira dzulo inu kulibe. Ndipo pali ena amene miyendo yawo imakumbukira abale dzuwa likafika paliwombo pokha. Sinditchula dzina. Ali pamphasa pompano, ndipo asamba kale m'manja.