Khwawa la Pakati pa Alonda Awiri

Panali munthu wina amene ankalondera nkhalango ya kumalire a dziko. Kamsasa kake kanali kokhakokha, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera pamudzi womaliza. Mkazi ndi ana anali kumudzi, ndipo iye ankawaona kamodzi pa miyezi itatu. Nkhalangoyo inali ya mitengo yokha. Nyama zinatha kalekale, anthu anazidya mpaka kunyambita mbale. Ndiye munthuyu ankadzuka m'mawa, n'kunyamula mfuti, n'kumazungulira tchire lopanda kanthu. Masiku ena ankalankhula yekha kuti angomvako mawu a munthu.

Chaka china kunabwera magalimoto akuluakulu atanyamula mphalapala khumi ndi zinayi zochokera kunkhalango ina yakutali, kuti tchirelo lidzukenso. Zitseko zitatsegulidwa, nyamazo zinatuluka mwamantha, zinanunkhiza mphepo, n'kulowa m'thengo. Munthu uja anagwetsa misozi osachita manyazi. Kuyambira tsikulo anali ndi anzake. Ankazidziwa imodziimodzi, iyi poona nyanga, iyo poona kayendedwe, ndipo akazipeza zikudya msipu ankazipatsa moni ali chapatali ngati apongozi.

Tsono malire a mayiko awiriwo anali khwawa. M'dzinja linkadzaza madzi, koma m'chilimwe linkauma, n'kutsala dziwe limodzi pakati pa bango. Mphalapala sizidziwa kuti dziko limathera pati. Dzuwa likawawa zinkatsikira kudziweko kukamwa, zina n'kukwera kutsidya kukadya msipu wa kumeneko.

Kutsidyako kunalinso mlonda, wa boma la dziko linalo. Onse awiri anapatsidwa lamulo limodzi: usaoloke malire ndi mfuti. Choncho aliyense ankafika pagombe la mbali yake n'kubwerera. Akaonana ankangokwezerana dzanja, basi. Zaka zitatu zinatha chonchi, anthu olankhula chinenero chimodzi osafunsana ngakhale dzina. Paja amati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu, koma awa anali awiri okhala ngati aliyense ali yekha padziko.

Ulesi munthu wathuyu analibe, pamenepo tisamunamizire. Mbali yake ankaiyendera tsiku ndi tsiku, ndipo msampha wa waya sunkagonamo kawiri. Mnzake wa kutsidya nayenso anali wakhama chimodzimodzi. Otchera misampha anaona kuti kuno n'kovuta, uko nakonso n'kovuta. Koma anthu amenewa maso ali nawo. Anaona kuti m'khwawa mwenimwenimo, m'bango muja, simutsika mlonda. Wakuno ankati khwawa ndi la akutsidya, wakutsidya ankati ndi la akuno.

Ana a mphalapala ankabadwa, koma gulu silinkakula. Kenaka linayamba kuchepa. Zinatsala khumi, zinatsala zisanu ndi ziwiri, zinatsala zinayi. Munthuyo mtima unkamuwawa, chakudya osachimva kukoma. Ankaima pagombe n'kumayang'ana kutsidya ndi mkwiyo, akunena chamumtima kuti mnzake uja amangogona, nyama zikuthera kwawoko. Sankadziwa kuti mnzakeyo nayenso ankamunenera zomwezo.

Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, anamva bango likuphwanyika kudziwe. Anathamanga. Atafika pagombe anaona mphalapala, yamphongo yokhayo imene inatsala, waya ataithina pakhosi, ikugubuduka m'matope. Kutsidya nako mlonda uja anatulukira, atamva phokoso lomwelo.

"Achimwene, tsikani msanga, ili mbali yanu!" anakuwa wathuyu.

"Iyayi achimwene, dziwelo n'lanu! Ine ndikangotsika ndi mfutiyi, ndiye mlandu!"

Anaponyerana mawu chonchi, nyama ikufooka. Pamapeto pake munthu wathu anachita chimene akanatha kuchita zaka zitatu zonse zija. Anakoloweka mfuti pamtengo, n'kutsika chimanjamanja. Mnzakeyo ataona, anakoloweka yake, n'kutsika nayenso. Anakumana pakati, matope akulekeza m'mawondo. Wina anaponya jekete kumaso kwa nyamayo, wina anadula waya. Koma mphalapala inapuma kawiri kokha, n'kutambasula miyendo.

Kenaka alonda awiriwo anayenda limodzi m'bango monse. Anazula misampha makumi anayi ndi umodzi, ndipo pansi pa bangolo panali mafupa ndi nyanga mbwee. Wathuyu ankatola nyanga iliyonse n'kudziwa mwini wake.

"Ine ndimayesa zikufera kwanu," anatero.

"Inenso ndimayesa kwanu," anayankha wa kutsidya.

"Nanga inu ndinu ayani?"

"Ndine Mbewe, kwathu n'kuseri kwa phiri ilo."

"Ha! Mayi anga ndi a Nambewe. Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana amalume."

Anayesa kuseka, koma kuseka kunakana.

Kuyambira tsikulo khwawa ankaliyendera limodzi, mfuti zili pamtengo, ndipo msampha sunapezekemonso. Koma mphalapala zinatsala zitatu, zonse zazikazi. Zinkadya bwino, zinkamwa popanda choopsa, chaka ndi chaka osabereka, mpaka zinakalamba n'kumafa imodziimodzi. Yomalizayo munthu uja anaipeza itagona pamthunzi itazizira kale, ndipo anakhala pambali pake tsiku lonse.

Abale anga, munthu ameneyu sanabe, sananame, sanagone pantchito. Anangoti, "Changa chathera apa." Inunso zanu mumasamala, ndikudziwa, ndipo mnzanu amasamala zake. Koma pakati pa inu ndi iye pali malo amene aliyense akuti ndi a mnzake, ndipo chimene mumachikonda chimakamwa madzi pomwepo. Musadikire kukadziwana naye pamaliro. Tsikani lero, chikadapuma.