Kapaipi ka Apongozi

Panali mayi wina amene anaperekeza apongozi ake aamuna kuchipatala kukachitidwa opaleshoni ya m'mimba. Mwamuna wake anali ku Joni, ndiye wodikirira matenda anali iye yekha. Anali mayi waulemu, wa aja amene akaona apongozi akubwera poteropo amapatukira kutchire.

Bambowo adakali m'tulo ta mankhwala, namwino anamuitana mayiyo. Anamuuza kuti awaika kapaipi kotulutsira mkodzo, kokhala ndi kabaluni m'kati kuti kasasololoke. Anati podzuka kadzawaotcha, ndipo adzamva ngati mkodzo wawapana.

"Musachoke pambali pawo. Akangophenya muwauze kuti asakoke, angokodza momwemo. Kukawawa kwambiri mundiitane, mankhwala ake alipo."

Atatero anathamangira odwala ena.

Mayiyo anangovomera ndi mutu. Mkodzo angautchule bwanji kwa bambo obereka mwamuna wake?

Bambowo anadzuka mutu uli wozunguzika. Anabuula kuti akufuna kutaya madzi, dzanja likufufuza pansi pa bulangeti. Mayiyo anaona zonse. Anagwada kuti awauze, koma manyazi anamukulira. Ndiye anachita zimene anamulangiza tsiku lolowa m'banja: anatuluka n'kukaima pakhonde kuti apongozi amasuke.

Kukuwa anakumvera komweko. Bambowo anali atazula kapaipi ndi kabaluni komwe, magazi ali ponseponse. Njira ya mkodzo inang'ambika. Madokotala anawaboola pamimba n'kuikapo paipi ina, ndipo bambowo anabwerera nayo kumudzi, thumba la mkodzo lili lende pamwendo. Munthu amene ankayambitsa nyimbo kutchalitchi anasiya ngakhale kukhala pakhonde. Zinali zomvetsa chisoni.

Chimene chinamupweteka koposa mayiyo n'choti palibe anamudzudzula. Apongoziwo ankauza aliyense wobwera kudzazonda matenda kuti, "Mwana uyu ndi waulemu. Ngakhale kuchipatala kuja anandipatsa mpata, sanandione thupi."

Iye akamva zimenezo ankapita kuseri kwa nkhokwe kukalira. Sanauzepo munthu zimene namwino ananena.

Inu amene mumadikirira odwala, akuluakulu anati manyazi anapha Lambe. Munthu wodzuka ku mankhwala ogonetsa sadziwa chili m'thupi mwake, amadalira pakamwa panu. Tchulani chinthucho ndi dzina lake, kapena itanani namwino. Mukatuluka mwaulemu, dzanja lija silikudikirani.