Sefa Yatsopano ya a Lapozo

“Tapatukani ana inu, mungandidetsere chitseko! Kunja kuno ndi ku Nchalo, koma mkatimu ndi ku Dedza!”

Amalankhula choncho munthu wina amene analiko kuchigwa uko, dzina lake a Lapozo. Kuyenda kwawo, imayamba kufika ndi mimba, eni ake n'kumabwera pambuyo, makiyi akuzungulira pachala, khosi lili neng'a ngati tambala woti wapambana ndewu. Anali ndi galimoto ya eyakoni, makina aja ouzira mphepo yozizira. Ndipo ku Nchalo mwezi wa Okutobala, abale anga, dzuwa silisewera. Nkhuku imaikira dzira lophikaphika, kumangotsala mchere.

Mwana wawo wamkazi, Fanesi, anali pafupi kukwatiwa. A Lapozo analumbira pamaso pa ankhoswe: “Mwana wanga apita kutchalitchi m'galimoto ya bambo ake, magalasi otseka, nkhope yopanda ndi dontho lomwe la thukuta.” A kuchimuna anati zili bwino, koma zikavuta ilipo minibasi ya msuweni wawo. A Lapozo anaseka mpaka kutsamwa. Minibasi? Mwana wa Lapozo, diresi loyera mbee, pampando poti dzulo lake panakhala dengu la milamba?

Ndiye sabata ya ukwati yomweyo, eyakoni inayamba kupuma ngati mwana wa mphaka. Ukapotokola batani mpaka kumapeto, fani imabangula ngati chigayo, koma pa timabowo totulukira mphepo pamangotuluka kampweya koti sikangazimitse ndi machesi omwe. Kozizira ndithu, koma kofooka. Kuti ukamve, umachita kugunditsa tsaya pabowo.

A Lapozo anamanga lamba, ulendo kwa mlamu wawo a Zuze, makaniko wa pansi pa mtengo wa masawu.

“Alamu, gasi watha. Thirani.”

“Gasi akatha mphepo imatentha, alamu. Iyi ikuzizira, kungoti sikudutsa. Tiyeni tichotse kabokosi ka mapepalaka, tione sefa yogwira fumbi ili kuseriko.”

“Pamenepo ndiye musagwirepo! Sefa ndi yatsopano. Ndagula ku Blantyre, ya m'katoni, ndaika ndi manja angawa Lamulungu lapitali pokonzekera ukwati. Fufuzani kwina.”

Anafufuza kwina. Anayeza gasi, anali wodzaza. Anasintha mafyuzi onse, ngakhale a hutala. Anabwereka batire ya thirakitala, chibatire choti anachinyamula anthu ngati maliro. Anapopa timabowo ndi pampu ya matayala, fumbi n'kuwabwerera kumaso, onse awiri kutuwa ngati atuluka kuchigayo. Mphepo ayi ndithu, inali yomweija, fuu, fuu.

A Lapozo sanagonje. Kudya anasiya, tsiku lonse mutu uli mu boneti, kunja kukuoneka matako okha. Kenako anayamba kuyang'ana anansi ndi diso lofiira. “Alipo wina wandimangira mphepo. Anthu a kuno nsanje!”

Akazi awo anayesa kunena mwaulemu: “Bambo a Fanesi, bwanji sefa ija angoiona?”

“Mayi, inu samalani thobwa. Za galimoto tisiyireni.”

Koma atanena choncho, kanthu kena kanawatsina mumtima. Anakumbukira mmene anaikira sefa ija. Anayang'ana kabokosi kaja, n'kuyang'ana kumbali msangamsanga, n'kubwereranso mu boneti.

Loweruka linafika. Anthu anadzaza pabwalo. Minibasi ya a kuchimuna inatulukira ikuliza hutala, atayimanga kale maliboni, dalaivala mano onse pamtunda. A Lapozo anachita ngati sakuiona. Anatsegulira Fanesi chitseko, mwana analowa ndi velo lake, iwo anatseka magalasi, analiza injini.

Sanafike ndi pachipata pomwe. Mkatimo munasanduka uvuni wa mabanzi. Paudala wa pankhope ya mkwatibwi anayamba kuyenda mitsinje, wina kutsikira kukhosi, wina kulunjika pa diresi.

“Ababa,” anatero Fanesi, mawu ali pansipansi, “ine ndikufuna ndipite ndi inu. Koma ndikomoka.”

Kunja ankhoswe anali atatsegula kale chitseko cha minibasi, akukodola ndi dzanja.

A Lapozo anaimitsa galimoto. Anatuluka, anavula jekete, anapatsira akazi awo. Anazungulira mbali inayo, n'kugwada pafumbi ndi thalauzi la suti, mimba itapanikizika pampando, khamu lonse likuonerera. Anakoka kabokosi kaja, mapepala mbwee pansi. Analowetsa dzanja kuseri, n'kusolola sefa.

Anthu onse anasendera pafupi kuti aone.

Sefa inali yoyeradi. Yokongola. Yopanda ndi kafumbi komwe. Inali ikadali m'pulasitiki yake ya kusitolo, yomatidwa mbali zonse ngati buledi.

A Lapozo anang'amba pulasitikiyo ndi mano, anabwezeramo sefa, anapotokola batani. Abale, inatuluka mphepo! Velo la Fanesi linakamatirira pa galasi la kumbuyo. Chipewa cha ankhoswe ena akuti chinakatoledwa ku Bangula. Mkwatibwi anapumira m'mwamba, n'kuyamba kuseka, misozi ndi paudala kusakanikirana. Ankhoswe anatseka chitseko cha minibasi pang'onopang'ono.

A Zuze anatola pulasitiki ija ndi zala ziwiri, anaikweza m'mwamba kuti ndi a kumbuyo omwe aione.

“Alamu, ndiye mfiti yake ndi iti yokulunga sefa mwaudongo chonchi? Titchulireni, tikaigwire.”

Ponamizira panalipo. Akanatha kunena wa kusitolo, akanatha kunena anansi. A Lapozo anadzuka, anasasa maondo, anayang'ana mwana wawo, kenako khamu lija.

“Mfitiyo ndine. Ndinaona kuyera kwake, ndiye ndinati fumbi la ku Nchalo lingaidetse ukwati usanafike.”

Tsono inu mukusekanu, musathamangire kuloza a Lapozo. Zikamavuta pakhomo panu, mudzagwedeza aliyense, mudzaloza ndi anansi omwe. Koma pali kamalo kamodzi kamene mumati, “Apo musagwirepo, ndinakonza ndekha.” Gwadani, muyambe kutsegula pamenepo, mwana asanakwere ya eni.